Pakamwa Panga ndi Bere la Mayi a Joze

Moni abale anga mwa Ambuye, inu a kwa Ndamera ndi inu a m'makomboni a nzimbe. Ndine Fulatiya, kapitawo wakale uja, amene ndikakuwa m'munda mawu ankawoloka Shire. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma izi ndalemba ndekha, chifukwa pakamwa pangapa panatsala pang'ono kupha mkazi wanga.

Mayi a Joze anapeza kambulu m'bere lamanzere akuyamwitsa mwana wathu wachisanu ndi chinayi. Amayi a pamudzi anati mwana wageyera pabere, kasungunuka kokha. Tinathowa ndi madzi otentha miyezi ndi miyezi. Mwana analeka kuyamwa, kambulu kali pomwepo, kolimba ngati mwala. Ine mtima sunakhale m'malo. Ndinkanyamuka kupita kumunda n'kubwerera panjira, kukalipira anthu osalakwa.

A chipatala cha kwathu anatitumiza ku Blantyre. Tinakwera basi, makadi a chipani ali m'thumba, ine kupemphera pakhota lililonse la phiri. Kumeneko dokotala anayamba mafunso, namwino akumasulira. Anatha msinkhu liti? Mwana woyamba anabereka ali ndi zaka zingati? Amayamwitsa mpaka liti? Mwamuna mnzanga kufunsa mkazi wanga nkhani za kuchinamwali, mwini wake ndili pomwepo! Kenaka anafunsa za mapiritsi olera, aja anali atangofika kumene kusikelo. Mkazi wanga anawerama n'kunena kuti, "Ndinayamba kumwa atabadwa womalizayu. Ndinatopa."

Ine sindinkadziwa. Ndinakuwa mpaka odwala anadzuka pamabedi. "Ndiye matendawa mwaitana nokha! Mangani katundu, tizipita!" Dokotala anati ndi khansa, bere lichotsedwe msanga isanafalikire, koma makutu anga anali atatseka. Ndinatuluka, n'kumangozungulira pakhonde, kukhala pansi osatheka. Ndinati, Mulungu, ngati mulipo pano, ndiyankheni lero lomwe.

Sananditumizire mbusa ayi. Anatumiza mayi wokolopa, wa kwa Katunga, amene anamva kalankhulidwe kanga n'kudziwa kuti ndine wa kuchigwa. Anaika ndowa pansi, n'kutsegula diresi mbali imodzi. Panalibe bere, chipsera chokhachokha.

"Bambo, onani," anatero. "Ine piritsi sindinalilawepo, mwana sindinaberekepo, koma matendawa anandigwira. Ndili moyo chifukwa amuna anga sanayambe ndi milandu. Mlanduwo mukakambe kwanu. Mukawatenga akazi anu lero, mukakamba ndi manda."

Abale, ine amene sindinagwadirepo bwana aliyense wa pakampani ya nzimbe, ndinabwerera n'kugwada pambali pa bedi. Mkazi wanga anali atamanga kale katundu, chifukwa cha kundiopa. Ndinamasula ndekha. Papepala lovomera opaleshoni ndinalemba dzina langa.

Takolola mapira kasanu kuchokera pamenepo. Mayi a Joze akulima, akubereka zidzukulu kumbuyo. Za mapiritsi zija sitinakambenso, ndipo wolakwa ndikumudziwa, ndine ndemwe.

Ndikuthokoza Mulungu, takhuta kwambiri, monga timathokozera kwathu kuchigwa. Inu amene muli m'mayesero, limbikani, musaleke kupemphera. Amuna anzanga, mkazi akapeza kambulu musathowe, musaweruze, thamangani naye. Mawu anga akadali aakulu, ndipo izi ndimakuwa paliponse, mpaka mayi a Joze amati, "Pang'onopang'ono, bambo a Joze. Anandichotsa bere, makutu anandisiyira."