Mwala wa Moni

Pamsika wa mbuzi m'tauni ya Ibri, dalaivala wa lole anakhala pafupi ndi mkulu wina wosamudziwa, yemwe ankamwa khofi.

"Mwamva, malume? Akuti dzulo mlonda wagwira wakuba miyala ku manda akalekale aja, milu ya paphiri ija."

"Wakubayo ndine."

"Inuyo? Ndi ndevu zonsezi?"

"Sindimachotsa, mwana wanga, ndimaikapo. Kwathu sudutsa pamanda osasanjikapo mwala. Ndiwo moni wake."

"Koma boma linaletsa. Akuti mwala watsopano umasokoneza ofufuza zakale."

"Mlondayo ananenanso zomwezo. Akuti ndikadzabwereza, mbuzi zanga sizidzadyanso kumeneko."

"Nanga ogonamowo ndi abale anu?"

"Ngakhale mayina sitiwadziwa. Koma ndi anansi athu. Bambo anga pomanga khola ankasenza miyala kuchokera kuchigwa, milu ili pakhomo pomwepo. Sanakhudze ngakhale umodzi. Bomalo linali kuti nthawi imeneyo?"

"Ndiye mwasiya?"

"Ndasiya, moni ndizipereka pakamwa. Koma ndamuuza mlondayo kuti akafuna kuchotsa yonse imene banja lathu linaikapo, abwere ndi lole."

"Lole ndili nayo, malume."

"Ndaiona. Ichepa."