Bambo Ankadziika pa 6

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1978, achitatu m'banja la ana asanu. Pepani ngati mawu anga sakufika kumbuyoko. Oyenera kuyankhula pano ndi amalume, koma ndawapempha kuti ndiime ine.

Sekondale anamaliza mu 1997, kenako anaphunzira zamakompyuta. Anakwatira amayi mu 2004. Mu 2009 anayamba ntchito yoyang'anira netiweki ya kampani ina, m'kachipinda kozizira kodzaza mawaya, momwe ankavala juzi ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo.

Makina a m'menemo amalemba chilichonse chowachitikira, ndipo uthenga uliwonse uli ndi nambala: 0 ndiye kuti zinthu zaferatu, 4 ndi chenjezo, 6 ndi kungodziwitsa chabe. Malemu anakonza kuti foni yawo izilira kuyambira pa 3 kutsika mpaka pa 0, zinazo zizingosungidwa. Ankati foni yolira pa chilichonse anthu amaithimitsa.

Manambalawa anabwera nawo kunyumba. Nsapato yanga ikang'ambika ankati, "Imeneyo ndi 6, bwana, tamva." Koma mng'ono wanga akangotentha thupi inali 2, ndipo ankamunyamula okha kuthamangira naye kuchipatala, nsapato osamanga.

Mu Novembala chaka chatha anayamba kumva kupweteka pachifuwa. Amayi akati tiyeni kuchipatala, iwo ankangoti ndi 6. Ife ana tinkaseka. Tinafika powatcha amayi foni yolira pa chilichonse, ndipo amene anayambitsa dzinalo ndine. Amayi sanasiye kunena, koma ankanena tili kusukulu, kuopa kusekedwa ndi ana awo omwe.

Pa 2 Febuluwale malemu anagwa pamasitepe a kuntchito. Anatisiya pa 4 Febuluwale, ali m'chipatala.

Dzulo ndikutunga madzi kuseri kwa nyumba, ndinamva azakhali ndi anthu ena akunong'onezana kuti amayi sanawasamale amuna awo. Azakhali, ndikupepesa poyankha pagulu, koma si zoona. Amayi ananena. Osamva tinali ife.

Malemu asiya mkazi, ana awiri ndi azilongo awo anayi. Tikuthokoza anzawo a kuntchito amene anathamangira nawo kuchipatala, anamwino, ndi oyandikana nafe amene mwakhala nafe masiku onsewa. Pochoka, chonde musawalambalale amayi. Akhala apo, pafupi ndi khomo.

Mzimu wa bambo uuse mumtendere.