Jekete Pamwamba pa Mapijama

Olemekezeka Mayi Lenifa Kamwendo, eni ake a sukulu ya mkaka ino ya ku Greenbelt, kuno kutsidya kwa nyanja. Olemekezeka aphunzitsi Mayi Chipego, amene dziko la Zambia linatibwereka. Olemekezeka Mayi Margaret ochokera ku maofesi a boma ku Upper Marlboro, amene munangobwera kudzaona zozimitsira moto koma takukhazikani kutsogolo ndi duwa pachifuwa, ngakhale simukumva kalikonse. Makolo amene mwathawa kushifiti ndi mayunifolomu anu. A kalasi ya Agulugufe, a kalasi ya Abakha, ndi inu olemekezeka amene muli pansi pa tebulo mukutafuna chingwe cha nsapato yanga, ndakupatsani moni nonse.

Ndaima pamaso panu nditavala jekete ndi tayi kumtunda, mapijama a mizeremizere kumunsi, pakuti lero ndi Tsiku la Mapijama. Makolo kumbuyoko sekani mumalize, ine ndidikira.

Alendo ayenera kudziwa mmene tinafikira pano. Mwezi wa Febuluwale, Mayi Lenifa analandira kalendala ya aphunzitsi a ana aang'ono, ya nyengo ino imene chisanu chimatha, mitengo n'kuchita maluwa, ife tonse n'kumayetsemula. Ataitsegula anapeza kuti kuno tsiku lililonse lili ndi mwini wake. Pali la pensulo, pali la masokosi osiyana, la kuvala zobiriwira, la kubzala mitengo, mpaka la mapanikeki, zitumbuwa zosalimba zija. Aphunzitsi a kuno amangomata chithunzi pakhoma, ana n'kupenta, basi zatha. Koma Mayi Lenifa ndi a ku Dedza. Anati tsiku silingangoyamba lokha ngati chimfine. Kwathu tsiku lokumbukira chinthu limafuna pemphero, pulogalamu yolembedwa, tebulo loyala nsalu, ndi mlendo wolemekezeka woti alitsegule.

Anasankha ine, Newton Chimphamba, chifukwa ndili ndi jekete. Komanso zaka 19 ndakhala dalaivala pa ofesi ina ya ukazembe ku Massachusetts Avenue, ndipo zolankhula za akuluakulu ndinkazimvera pawindo la galimoto ndikudikira abwana. Ndinaloweza zonse, pokhosomola ndi popumira pomwe, koma palibe anandiitanapo kuti ndilowe. Choncho Mayi Lenifa atandipempha, ndinavomera asanamalize kulankhula.

Abale, sindinaiwerenge kalendalayo. Lero ndi ulendo wanga wa 33. Ndatsegulapo pensulo. Ndadulapo riboni yomangidwa pa sokosi limodzi lofiira. Tsiku la zobiriwira ndinalankhula mphindi 40, ndipo a kalasi ya Agulugufe anagona onse, kupatula mmodzi amene anandisanzira pa tayi. Sabata yatha ndinatopa, n'kuuza Mayi Lenifa kuti ndikatsegula mapijama, afune wina.

Tsopano ndiloleni ndinene za kunyumba, makolo muleke kaye mafoni. M'kalasi ya Abakha muli mdzukulu wanga Jesse, wa zaka zitatu, uyo wavala chipewa chogonera. Bambo anga ali ku Ntcheu, ali ndi zaka 91, maso anasiya kuona, chatsala ndi makutu ndi pakamwa, ndipo pakamwapo ndi pakuthwa. Lamlungu lililonse timawaimbira foni. Jesse tikampatsa foniyo amangoti "I'm good," n'kuthawa. Bambo anandiuza kuti ndisiye kuwapatsa kamzungu kanga. Anati akufuna kumva mwanayo akulankhula chinthu chomveka iwo asanapite, ndipo sakuganiza zodikira nthawi yaitali. Zinandiwawa kwambiri. Tinayesa nyimbo, tinayesa masiwiti, ndinayesa kunamizira kuti Chingerezi sindimva, mwanayo n'kungondibwerezera mokuwa, pang'onopang'ono, ngati wogontha ndine.

Lamlungu lapitali mchemwali wanga Vera, amene amawasamala, anati Bambo agona masiku atatu osadya, sakufuna kulankhula ndi munthu, koma awaikira foni pakhutu. Ndili chiimire m'khitchini, Jesse anakoka mpando, n'kukwerapo, n'kutenga sipuni ngati maikolofoni. Anakhosomola kawiri, ndendende mmene ndimachitira ine, n'kunena m'chilankhulo chakwathu kuti:

"Olemekezeka agogo a ku Ntcheu, olemekezeka azakhali a Vera, ndi inu olemekezeka amene muli pansi pa tebulo, ndakupatsani moni nonse."

Pansi pa tebulo panalibe munthu. Kenaka ndinamva Bambo akukalipira Vera kuti awadzutse ndi kuwaveka jekete, chifukwa munthu salandira ulemu wotere ali chigonere. Jesse anadikira ngati munthu wodziwa pulogalamu. Anathokoza makolo, anathokoza okonza mipando, anapempha kuti aliyense asunge nthawi, ndipo potsiriza anakweza sipuni:

"Ndi mawu ochepa amenewa, agogo a ku Ntcheu atsegulidwa mwalamulo."

Bambo anaombera m'manja, ndinawamva ndekha. Anafunsa ngati pamwambowu pali chakudya, ndipo Vera akuti Bambowo anamaliza mbale yonse ya phala asanavule jekete. Ine ndinalira, sindibisa, ndinalira pamaso pa mwana woima pampando.

Choncho Mayi Lenifa, mawu osiya ntchito aja ndawabweza. Mundipatse kalendala yonse mpaka Meyi, la njuchi ndi la akamba omwe, ndidzabwera ndi jekete. Mayi Chipego, a kalasi ya Abakha muziwakhazika kutsogolo kuti azimva bwino, pakuti Bambo alamula kuti Lamlungu likubwerali akufuna pulogalamu yonse, ndipo jekete lawo Vera walisita kale.

Olemekezeka nonse, ogona ndi odzuka, mwa mphamvu imene Mayi Lenifa andipatsa, ndikulengeza kuti Tsiku la Mapijama latsegulidwa mwalamulo. Olemekezeka a pansi pa tebulo, ndibwezereni nsapato yanga. Zikomo kwambiri.