Anandilanda khasu chifukwa chondikonda

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Verenika, kwathu ndi kuseri kwa Nguludi, ndipo ndakalamba ndithu, zidzukulu zanga zina zili ndi ana awo. Ndikufuna ndikuuzeni za vuto limene linatsala pang'ono kundipititsa kumanda. Vutolo linali kukhala pansi.

Amuna anga atamwalira ndinapitiriza kulima ndekha chimanga ndi nandolo. Tsiku lina ndikuchokera kudimba ndinachita chizungulire n'kugwa panjira. Kuchipatala anati magazi anga akuthamanga kwambiri, BP ija mumaimvayi. Mwana wanga Rozina, yemwe amaphunzitsa ku Njuli, anachita mantha. Anabwera ndi galimoto, anatseka nyumba yanga, mbuzi anapatsa achibale, khasu n'kulisiya komweko. Anati ndavutika mokwanira, tsopano ndikapume.

Nyumba yake ndi yabwino, ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Koma kukacha Rozina ndi onse a pakhomopo ankachoka, ine n'kutsala ndi wailesi. Ndikagwira tsache ankandilanda. Ndikati nditsuke mbale ankati madzi ozizira andidwalitsa. Ndinkangochoka pakhonde kupita kuchipinda, kuchipinda kubwerera pakhonde, manja akufunafuna chogwira. Mvula yoyamba itagwa ndinamva fungo la dothi, ndinakaima pageti misozi ili chuchuchu poganiza kuti anzanga kumudzi akubzala.

Miyezi inadutsa. Mawondo anauma, mapazi anatupa, chakudya chinasiya kukoma. Ndinayamba kusokoneza masiku. Kutchalitchi sankandilola kupita, ati ndingagwenso. Korona yopempherera ija ndinkaigwira, koma mtima sunkakhazikika, ndinkayamba pemphero n'kuiwala pamene ndafika. Tsiku lina ndinangowauza Ambuye kuti ngati ntchito yanga yatha pansi pano anditenge, koma ngati ikadalipo andionetse, chifukwa kukhala chonchi ndatopa nako.

Yankho linabwera m'nyengo yozizira, masana ndili ndekha. Pageti panagogoda mayi wachikulire kuposa ine, Msilamu, ndodo kumanja, dengu la nandolo wamuwisi pamutu. Dzina lawo ndi Abiti Saidi, ankapita kukagulitsa kumsika ndipo ankapempha madzi akumwa. Atamwa anayang'ana mapazi anga n'kufunsa chimene ndikudwala. Ndinati ukalamba.

"Ukalambawo ndili nawo inenso, anganga," anatero. "Inu mwangokhalitsa pansi. Tandithandizani kusenda nandoloyu, zala zanga zatopa."

Tinasenda tikucheza za minda, za amuna athu omwe anatisiya, za mano amene atha m'kamwa. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Mawa lake anabweranso, mkuja wakenso. Kenako anati ndiwaperekeze mpaka pamtengo wa mango uli pamsewu. Ndinapuma kangapo, koma ndinafika. Sabata zotsatira tinkafika kuchigayo, kenako kumsika kwenikweniko.

Rozina atamva anakwiya kwambiri. Anati mayi achilendowo akufuna kundipha, ndipo ndikagwa pamsewu anthu adzanena kuti iye sasamala mayi ake. Mtima wanga unagwanso, ndinaona ngati getilo litsekedwanso. Koma tsiku lokatenga mankhwala litafika, anesi atandiyeza anafunsa chimene chasintha, pakuti magazi anali atatsika ndipo mapazi ataphwa. Ndinaulula mwamantha kuti ndakhala ndikuyenda mobisa.

Anesiwo anatembenukira kwa mwana wanga. "Aphunzitsi, mankhwala azimwa tsiku lililonse, mchere achepetse, koma musawatsekere. Munthu wamkulu amafuna kuyenda, kugwira kantchito ndi kucheza ndi anzake."

Tinabwerera kunyumba ndi Rozina. Titafika anandigwira dzanja n'kunena kuti iye ankangoopa kunditaya monga anatayira bambo ake. Sabata yomweyo anandipatsa kamalo kuseri kwa nyumba. Lero ndili ndi mpiru, nkhwani ndi tomato, ndipo Lamulungu ndimapita ku Misa ndi mapazi anga. Ku limana, komwe timakumana akhristu a dera lathu, ndinapeza okalamba anzanga ena amene ana awo anawakhazika pansi ngati ine. Timapita kukawatulutsa, pang'onopang'ono, wina kungofika naye pamsewu n'kubwerera.

Sindinachiriretu ayi. Mawondo amawawabe kukazizira, ndipo mapiritsi sindidzasiya. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene sitipemphera nyumba imodzi.

Inu ana, kondani makolo anu, koma asiyireni kena kogwira. Ndipo inu okalamba anzanga amene mwakhala pakhonde mpaka kuiwala kuti lero ndi lachingati, musataye mtima, pitirizani kupemphera. Mawa kukacha dzukani, gwirani ndodo, mukaone mnzanu wapafupi. Mwina nayenso akudikira kuti wina agogode.