Ndinaimba Nthungululu Timu Italuza

Abusa, mayi busa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo anga nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi ameni ya anthu otopa ndi mashifiti. Ndati aleluya! Eya, tsopano ndamva.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andinong'oneza kuti ndisatalikitse, ndipo ndiyesetsa, koma mukundidziwa inu, pakamwa pangapa pakatseguka sipamva belu.

Nonsenu mumanditchula kuti make Tamanda. Tikakumana pakhomo apo mumati, "Make Tamanda, mwadzuka bwanji?" Ine n'kumayankha ndikumwetulira. Chimene simunkadziwa n'chakuti dzina limenelo linkathera pakhomo la tchalitchi pomwepo. Kunyumba kwanga, abale, ine sindinali make wa munthu.

Ndinachoka ku Malawi mwana wanga Tamanda akungoyamba kumene kuyankhula. Zimene zinandithamangitsa sindizinena lero. Ena mukuzidziwa, enanu muli ndi zanu zofanana nazo. Ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga aakulu ku Zomba, ndili ndi mtima woti ndikangokhazikika ndimuitanitsa. Koma mapepala okhalira m'dziko lino, abale! Mapepala! Amene munadikirapo mapepala takwezani manja. Mwaona? Manja onsewo. Ndinadikira ku Middlesbrough, m'kachipinda kozizira kamene zenera lake linkayang'anana ndi khoma, mwana wanga akukulira pa foni. Dzino loyamba kuchoka, ndinamva pa foni. Kuyamba sukulu, pa foni. Atatha msinkhu anamulangiza ndi achemwali, ine ndinangouzidwa pa foni.

Ndinene poyera pano, achemwali anga sanalakwe kanthu. Anamulera ngati anabereka okha, ndipo mwana anakula akuwaitana iwowo kuti amayi. Nanga ine? Mukudziwa kwathu, mng'ono wa amayi ako ndi amayi aang'ono. Ndiye akamupatsira foni ndinkamva kamawu kaja kakuti, "Amayi aang'ono, muli bwanji?" Choonadi anamuuza, ankadziwa bwino amene anamubereka, koma lilime linali litazolowera kale.

Ndinkadzitonthoza kuti akadzafika kuno zidzasintha. Mulungu atandikumbukira mapepala n'kutuluka, ndinasamukira kuno ku Wakefield, ndinapeza ntchito ya kheya, yosamalira okalamba ndi odwala, kenako njira inatseguka yoti mwana abwere. Ndinamugulira jekete yokamulandirira pa bwalo la ndege. Maso angawa anali adakali pa kamwana kamene ndinasiya, ndiye potulukira paja ndinaona mtsikana wamtali kundiposa, jekete ija manja ake n'kuthera m'zigongono. Ndinamukumbatira ndikulira. Iye anapinda maondo mwaulemu n'kunena kuti, "Ndafika, amayi aang'ono."

Abale, mawu amenewo amabaya. Amayi inu amene munabereka mukundimva. Mwanayu sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Waulemu, wogwira ntchito, wosayendayenda. Koma ulemu wake unali wa mlendo. Kutsegula firiji m'nyumba ya make, ankayamba wapempha. Lamulungu lililonse tikachoka muno ankadzitsekera kuchipinda n'kuimbira foni ku Zomba. Ndinkamva akuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, "Amayi, amayi, tamverani izi!" Ine nditaima pakhonde ndi thawulo m'manja, kumvetsera dzina langa likupatsidwa kwa wina.

Ndikanatha kumulamula. Ndikanati, "Iwe, kuyambira lero uzinditi amayi," ndipo akanamvera, chifukwa ndi mwana womvera. Koma ine sindinkafuna dzina lochita kulamula. Ndinkafuna lituluke lokha. Ndinasala kudya, ndinagwada mpaka maondo kuchita zipsera, ndinati, "Ambuye, mwandipatsa mapepala, mwandipatsa ntchito, mwandibweretsera mwana. Koma mwanayu wafika thupi lokha. Ndichotsereni kamchira kaja, kamawu kamodzi kokha koti aang'ono." Miyezi inkapita, kamchira kali pompo.

Tsopano apa ndi pamene musekere. Kusukulu aphunzitsi ena anaona msinkhu wake ndi mapewa ake, basi anamukokera ku ragibi. Ragibi, abale! Mpira wooneka ngati papaya. Anthu akufuna kupita kutsogolo koma mpira akuponyerana kumbuyo. Akuthamanga bwinobwino, mwadzidzidzi agundana mitu n'kuunjikana pansi. Mtsikana wanga anayamba kubwera kunyumba matope mpaka m'makutu. Ndinati, "Iwe, mwana wamkazi, masewero anathera pati kuti usankhe ogwetsana?" Anayankha kuti, "Chabwino, amayi aang'ono," mawa lake n'kupitanso. Kenako analowa timu ya atsikana ya kalabu ina kuno. Ine ntchito yanga inali kuchapa. Ndinkachapa matope aja ndikung'ung'udza, koma ndikuuzeni zoona, ndinkasangalala kuti pali chinthu chake chimene chikudutsa m'manja mwanga.

Ndiye inafika fainolo ya matimu akuluakulu a dziko lino, aja amene kusewera ndiyo ntchito yawo. Masewero anali ku London, koma a kalabu ya Tamanda anati aonetsa pa TV yaikulu mu holo yawo, aliyense abwere ndi a kwawo. Tamanda ankachemerera timu yovala zobiriwira, ndipo inali italowa fainolo. Sabata yonseyo kudya sankadya bwino. Tsiku lina akutsuka mbale, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Anzanga onse akubwera ndi makolo awo. Kaya ngati muli ndi mpata." Mpata ndinalibe, ndinali pa shifiti Loweruka limenelo. Koma ndinamva mawu oti makolo. Ndinachonderera mnzanga wa ku Zambia amene timagwira limodzi, anavomera kusinthana nane, Mulungu amudalitse kumene ali.

Ndinakazinga mandasi odzaza chidebe, ndinavala jekete yanga yabwino, yofiira ija mumandiona nayo pa Khirisimasi. Tamanda anali atatsogola kale. Kulowa mu holo muja, abale, aliyense zobiriwira. Ana zobiriwira, agogo zobiriwira, ngakhale galu wa munthu wina anamumanga kansalu kobiriwira. Kuyang'ana pa TV, adani athu avala chiyani? Zofiira. Ndinaona mwana wanga akuphimba nkhope ndi manja. Agogo ena achizungu, aamuna, amene anakhala pafupi ndi mpando wanga, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anavula mpango wawo wobiriwira n'kundikulunga m'khosi. Ine ndinawapatsa mandasi awiri, tinagwirizana.

Masewero atayamba ndinaona zimene sindinaonepo chibwerereni. Azungu omwewa, amene pa basi amakhala duu osakupatsa ndi moni womwe, anasanduka anthu ena. Kukuwa! Kudumpha! Bambo wina wa tayi ankakangana ndi refa wa pa TV ngati akumumva. Athu akatsogola, holo yonse kugwedezeka. Posakhalitsa ofiira abweza, anthu manja kumutu. Athu atsogolanso, ofiira abwezanso. Mayi wina analephera kupirira, anathawira panja, koma mphindi iliyonse ankasuzumira pakhomo kufunsa kuti zili bwanji. Agogo anga aja anatembenuza mpando n'kufulatira TV, ati mtima wawo ndi wakale, azingomva ndi makutu.

Ine malamulo sindinkawadziwa. Nthawi ina ndinaona mnyamata akuthamanga mokongola, wadutsa onse, wagwera kuseri kwa mzere, ndiye ndinaimirira n'kuwomba m'manja. Holo yonse zii. Tamanda anandikoka jekete, "Amayi aang'ono, khalani pansi, ameneyo si wathu." Ndinakhala. Manyazi anandigwira, koma chimene chinandipweteka si manyaziwo. Ngakhale pakati pa anzake, ngakhale atandiitana ngati kholo, kamchira kaja kanali pompo. Ndinati mumtima, Ambuye, mwina ndinapempha chinthu chimene sichidzatheka. Mwina mwanayu ndinamutaya kalekale pa foni paja.

Nthawi inali itatha, athu ali kumbuyo pang'ono kwambiri. Anthu ena anayamba kuvala majekete. Mwadzidzidzi refa analiza wezulo, mkono m'mwamba, holo yonse inaphulika. Ndinafunsa kuti chachitika n'chiyani. Agogo aja anacheukira pa TV n'kuti ofiira alakwitsa, wathu amenya mpira kamodzi kokha, ukadutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali ija tawina, ukaphonya zathera pomwepo. Mnyamata wathu woti amenyeyo anaika mpira pansi. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Anayang'ana mitengo, anayang'ana mpira. Mu holo muja munthu ukanamva ntchentche ikudutsa. Anthu osadziwana anagwirana manja. Bambo wa tayi uja anagwada pansi, kaya anali atagwadapo chibadwire.

Pamenepo ndinamva zikhadabo zikundilowa pamkono apa. Tamanda. Maso ali pa TV, anandikakamira n'kunena kuti, "Amayi, pempherani. Amayi, chonde pempherani!"

Abale, ndinadikira. Khutu langa linali litazolowera, ndinadikira kamchira kaja kuti kafike. Sikanafike. Aleluya! Ndati sikanafike!

Ndikuuzeni chilungamo pamaso pa abusa, za mpira ine sindinapemphere. Ndinaiwala kuti kuli mpira. Ndinangoti, "Zikomo Yesu, zikomo Yesu." Mnyamata uja anamenya. Mpira unakwera, unakwera, anthu anayamba kuimirira, kenako unagunda mtengo n'kugwera kunja. Taluza.

Kubuula kumene kunamveka muja sindidzakuiwala. Atsikana anagwa pansi n'kumalira. Bambo wa tayi anagona chafufumimba. Agogo aja anavula magalasi, misozi ikuyenderera m'makwinya, ati akhala akudikira chikho chimenechi kuyambira akazi awo ali moyo. Ndipo pakati pa maliro amenewo, pakhosi pangapa panatseguka pokha. Nthungululu! Zenizeni, za pa ukwati, dzanja pakamwa. Holo yonse inatembenuka. Mayi wakuda, jekete yofiira, akululuta timu italuza. Agogo aja anandiyang'ana mwachisoni n'kuti, "Wrong team, love." Ndikanawafotokozera bwanji? Chizungu changa pamenepo chinatha.

Koma umboni wanga sunathere apo, chifukwa mdani sagona. Tili pa basi pobwerera, mwana mutu wautsamiritsa pa zenera, maso ofiira. Mawu ena anayamba kundinong'oneza. "Wapusa iwe. Linangoterereka lilime. Mwana pa mantha amaitana amene anamulera. Ankaitana a ku Zomba, iwe unangopezeka pafupi." Chimwemwe chonse chija chinayamba kuzizira. Ndinafuna kumufunsa, koma ndinaopa yankho. Ndinangogwira chidebe changa cha mandasi n'kumayang'ana nyumba zikudutsa.

Titayandikira potsikira, anatembenuka. Anati, "Koma munapempheradi?"

Ndinati, "Ayi mwanawe. Ndinaiwala."

Anandiyang'anitsitsa. Kenako anaseka, misozi idakali m'maso, kuseka kuja ndinkangokumvera kuseri kwa chitseko. Anati, "Ndiye mwatiluzitsa ndinu, amayi."

Ndinadikiranso. Basi inaima, zitseko zinatseguka, anthu anatsika. Kamchira sikanabwere. Ananyamula chidebe chija m'manja mwanga n'kutsogola, ine ndikumutsatira m'mbuyo.

Abale, sindinama kuti zonse zinabwerera. Dzino lija sindidzaliona likuchoka. Tsiku loyamba la sukulu silidzabweranso kuti ndimuperekeze. Zimenezo ndikaziganiza mtima umawawabe, ndipo ndikudziwa kuti ku Zomba kuli mayi wina amene amayang'ana bedi lopanda munthu. Nditawaimbira achemwali kuwauza nkhaniyi analira, kenako anati, "Ndinkakusungira iwe mwanayo." Mpaka lero amawaitanabe kuti amayi, ndipo sindidandaulanso, chifukwa dzinalo latikwanira tonse awiri. Dzulo lomweli watsegula firiji osapempha, wamaliza mkaka wonse, ine ndamukalipira ngati mwana wanga.

Ndiye ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa pamalo pamene sindikanamufunafuna, pakati pa anthu okuwa ndi mpira wa papaya. Ndikuthokoza inu amayi a pemphero la Lachinayi amene munkandigwira manja osadziwa chimene ndikulirira. Inu amene ana anu akukulirabe pa foni, ndakuonani mukupukuta maso, musaleke kugwada. Mwini nkhaniyi ndi uyo wakhala kumbuyo uyo, wabisa nkhope m'jekete. Musamuyang'ane kwambiri, ndinachita kumupempha kuti ndiyankhule.

Koma pali ngongole imodzi ya chimwemwe imene yatsala. Tsiku lija mu holo muja nthungululu ndinaimba ndekha, popanda wondilandira, anthu akundiyesa wamisala. Lero ndili pakati pa anthu anga. Amayi, taimirirani. Abambo, manja amenewo agwire ntchito. Ndithandizeni kumaliza zimene ndinayamba ndekha, chifukwa amene waima pamaso panuyu si wamng'ono wa munthu aliyense. Ndine make Tamanda, pano ndi kunyumba komwe. Aleluya!