Batire la Achimwene

Pageti la chipatala, mlonda ankayendetsa kachipangizo kofufuzira zitsulo pathupi pa aliyense wodzazonda odwala. Bambo wina waimvi anatembenukira mayi amene anali pambuyo pake pamzere.

"Tsogolani, mayi. Ine andisecha ndi manja, kachipangizoko sakaimika pachifuwa panga."

"Mwabisapo chiyani, bambo?"

"Batire. Madokotala anandiika pansi pa khungu apa, kuti mtima usamaiwale ntchito yake."

"Ndiye odwala ndinu, mukudzazondanso anzanu?"

"Ndinali wodwala. Kale ndinkakomoka pongomanga zingwe za nsapato. Lero ndabwera ndikupalasa njinga."

"Mwadzaona ndani?"

"Mng'ono wanga. Nayenso mtima ukufuna batire, koma opaleshoni akukana. Akuti safuna kusanduka wailesi."

"Ndiye mukamuuza chiyani?"

"Mkazi wake walankhula mpaka malovu kuuma. Ine sindikachulutsa mawu, akangondiona."

"Wodi ya abambo ili pamwamba penipeni. Mukakwere chikepe, chili kumanzereku."

"Chikepecho tisiyire odwala, mayi. Ine ndikwera masitepe, ndikamupatse moni osapuma wefuwefu. Akandiuze yekha ngati achimwene ake akuoneka ngati munthu womvetsa chisoni."