Mwendo Wanga Unatsala Pamsewu wa Boma

Akulu a mpingo, amayi, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mumandidziwa ngati telala wa pakhonde pa Namitete. Sindine munthu wa mawu ambiri, koma lero mundilole.

Kale ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Mpingu. Mkazi wanga anali Nambewe. Tinali ndi mwana mmodzi, Esitere, ndipo wina anali m'njira. Ndinkalima munda wa apongozi ndi kafodya kanga kumbali. Tinkakhala bwino, abale. Tinkakhala bwino.

Nkhondo yaikulu ya azungu ija itatha kunamveka kuti boma lapatsidwa ndalama zokonzera tauni ya Lilongwe: misewu, ngalande, milatho, ndi msewu uno wolowera kumadzulo. Anati si thangata ayi, ndi ntchito yolipidwa. Poti ndinaphunzira ku mishoni, anandilemba ukapitao. Tsiku lonyamuka Nambewe anandiseka.

"Pitani, akapitao. Koma msewu wanuwo ukafike pakhomo pano. Ine ndi mimba ino sindiyenda m'matope."

Tinayambira m'tauni, kukumba ngalande. Kenaka anatitumiza kukakumba dothi lamiyala lothira pamsewu. Linali dzinja. Dzenje linali lakuya ndipo khoma lake linali litamwa madzi. Tsiku lina khomalo linagumuka. Anzanga anathawa. Ine linandipeza.

Ndinatsitsimuka kuchipatala, mwendo wamanzere kulibe. Ndili chigonere pomwepo, uthenga unafika: Nambewe wamwalira pobereka, ndi khanda lomwe. Anamuika ine kulibe. Kulibe, abale! Manda a mkazi wanga ndinakawaona udzu utamera kale.

Ndinafika kumudzi pa ndodo ziwiri. Mlamu wanga, a Zefaniya, mlongo wake wa malemu, ndiwo anali mwini mbumba. Sanali munthu woipa. Anandikhazika pansi, nayang'ana kumbali.

"Alamu, maliro tinameta. Chimene chinakubweretsani kuno chapita. Takusudzulani."

"Nanga Esitere?"

"Kodi mukufunsa ngati mlendo? Mwana ndi wa kuno. Inunso kwanu muli ndi ana a alongo anu, eti?"

Mwambowo ndinkaudziwa, ndinabadwira momwemo. Esitere anali wamng'ono. Anabisala kumbuyo kwa nkhokwe, kuopa ndodo zanga. Sindinamugwire ndi dzanja lomwe.

Ndinatuluka n'kulowa mumsewu watsopano uja. Unali wosalala, wofiira, wokongola. Malole ankadutsa, anthu akukondwa. Ine ndinakhala pakamlatho, madzi a mvula akuthamanga pansi panga. Abale, ndinawayang'ana madziwo nthawi yaitali. Ndinati, Mulungu, mwatenga mwendo, mwatenga mkazi, mwatenga ana onse awiri. Chatsalachi mukuchisungiranji? Pemphero langa linali lomwelo. Lina ndinalibe.

Kunabwera ngolo yodzaza mchere ndi nsalu. Mwini wake anali Che Saidi, Msilamu wa sitolo pano pa Namitete. Anandizindikira, poti ankatigulitsa fodya kumsasa wa antchito a msewu.

"Akapitao, ntchito inatha kalekale, inu mukulonderabe mlatho?"

Sindinaseke. Anayang'ana ndodo zanga, nayang'ana madzi.

"Kwerani. Ng'ombezi sizilipiritsa."

Anandipatsa malo kuseri kwa sitolo. Patapita masiku anatulutsa makina osokera n'kuwaika pakhonde.

"Telala wanga anathawira ku Halale. Makina awa safunsa miyendo iwiri. Pondani."

Ndinaponda. Ndinathyola masingano, ndinawononga nsalu, iye akungoti, "Pondani, akapitao, pondani." Pamapeto pake ndinadziwa. Mulungu amene timamupembedza muno ananditumizira munthu wa kumzikiti. Ine sindinamufunse chifukwa.

Chovala choyamba chimene ndinachisoka bwino chinali diresi la Esitere. Muyeso wake ndinalibe. Ndinkangokumbukira kamwana kaja kakuseri kwa nkhokwe, n'kuwonjezerapo pang'ono. Ndinapatsira woyendetsa lole kuti akasiye ku Mpingu. Yankho silinabwere. Chaka chotsatira ndinasoka lina. Chinanso, lina. Zii, abale. Sindinkadziwa ngati akuvala. Sindinkadziwa ngati ali moyo.

Tsiku lina la msika ndinadzutsa mutu, ndipo a Zefaniya anali ataima pakhonde, thumba lili m'manja. Anakhuthulira madiresi onse patebulo, osavalidwa.

"Alamu, mukuwononga nsalu za eni. Kodi mumayesa mwanayu ndi chitsa, sakula? Onsewa amathera m'khwapa."

Ndinati, "Muyeso ndilibe."

"N'chifukwa chake ndabwera nawo muyesowo. Iwe, tabwera kuno!"

Kuseri kwa ngolo kunatuluka mtsikana wamtali. Nkhope yonse ya Nambewe. Anagwada patali n'kunena kuti, "Moni, atelala."

Atelala, abale. Mwana wanga.

Ndinatenga tepi. Ndinamuyeza mapewa, ndinamuyeza msinkhu, misozi ikundiphimba manambala. A Zefaniya anakhosomola.

"Musamve molakwa. Sindinakupatseni, mbumba ndi yanga. Koma kuno kuli sukulu, ndipo lole imafika tsiku lomwelo. Akhale nanu. Nthawi yokolola azibwera kwawo."

Ndinafuna kugwada, koma ndi mwendo umodzi munthu sagwada msanga. Ndinangowomba m'manja.

Lero ndikukhala pomwepo pakhonde. Ndimasoka, ndimadya, Lamulungu ndimabwera muno. Mwendo sunabwerere. Nambewe sanabwerere. Sindikunamizani kuti chisoni chinatha. Mvula ikayamba chimadzuka. Ndithokoza Che Saidi. Ndithokoza a Zefaniya, amene mwambo sunawakakamize kuchita zimene anachita. Koposa onse ndithokoza Mulungu, amene anamva pemphero loipa n'kuliyankha bwino.

Esitere ali apo, pakati pa amayi. Anatha miyezi akunditchula atelala, ndipo ine sindinamuletse. Sabata yatha ndinagwa kuseri kwa nyumba, ndodo itaterereka. Anathamanga akukuwa, "Atate! Atate!" Ndinakhala pansi pomwepo kanthawi, osafuna kudzuka, kuti aitanenso.

Ambuye alemekezeke. Amen.